Ousmane Sembène (1923–2007): Moyo Wake ndi Funso la Chiyankhulo m'Mafilimu a mu Africa

Chiyambi

Akatswiri a za mafilimu akhala akutsutsana kwa zaka zambiri pa funso lakuti wotsogolera filimu wopambana amadziŵika ndi chiyani. Ena amayang'ana luso la kajambulidwe, ena amaŵerengera mphotho ndi unyinji wa anthu amene adalipira pakhomo, pamene ena amafuna kuti mafilimu onse a munthuyo azioneka kuti ndi a dzanja limodzi, monga momwe mbiya za woumba mmodzi zimazindikirikira pamsika. M'mikangano yotereyi nkhani ya chiyankhulo imatchulidwa mwa apo ndi apo, pakuti ku France, ku Japan kapena ku America wotsogolera filimu ndi oonerera ake amamvana m'chiyankhulo chimodzi, ndipo funsoli silibuka n'komwe. Mu Africa zinthu nzosiyana. Munthu asanasankhe poimika kamera ayenera kugamula chiyankhulo chimene anthu a m'filimu yake adzayankhule, ndipo chigamulo chimenecho ndicho chimasiyanitsa amene adzamve filimuyo ndi amene adzangoona zithunzi.

Ousmane Sembène wa ku Senegal adalimbana ndi funso limeneli kwa zaka zoposa 40. Chiwolofu, chiyankhulo chake chobadwa nacho, sichili m'gulu la Chibantu, komabe ziŵirizi nzachibale m'banja lalikulu la Niger-Congo. Kuwonjezera apo, mavuto amene iye adakumana nawo, a kalembedwe, a mawu obwereka ndi a mphamvu ya boma pa chiyankhulo, ndi omwe aja amene ofufuza za Chibantu amaŵadziŵa bwino kwawo.

Ubwana ndi ntchito zamanja

Sembène adabadwa mu Januwale 1923 ku Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance kumwera kwa Senegal. Bambo wake anali msodzi wa mtundu wa Alebu. Pakhomo pawo ankayankhula Chiwolofu, koma Casamance ndi dera la ziyankhulo zambiri, kumene Chidiola, Chimandinka ndi zina zimamveka pamsika umodzi. Adaphunzira kusukulu ya Korani monga ana ambiri a Chisilamu, kenaka kusukulu ya boma la atsamunda, kumene phunziro lililonse linali m'Chifalansa. Mu 1936 adachotsedwa sukulu atayambana ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo sadabwererenso m'kalasi. Zambiri zimene adadzadziŵa pambuyo pake adaziphunzira yekha.

Mu 1938 adapita ku Dakar, kumene adagwira ntchito ya umakaniko ndi yomanga nyumba. Mu 1944 adalembedwa usilikali m'gulu la asilikali achikuda omenyera nkhondo dziko la France. Nkhondo itatha adabwerera ku Dakar pa nthaŵi imene mabungwe a anthu apantchito ankakula mphamvu. Sitiraka ya ogwira ntchito panjanji ya Dakar-Niger, imene idayamba mu Okutobala 1947 ndi kutha mu Malichi 1948, idadzakhala maziko a buku lake lotchuka koposa. Iye mwini adabisala m'sitima yapamadzi napita ku France. Adagwirako ntchito kanthaŵi kochepa m'fakitale ya galimoto ku Paris, kenaka adakhazikika ku Marseille, kumene adakhala zaka pafupifupi 10 akunyamula katundu padooko. Kumeneko adaloŵa bungwe la apantchito la CGT ndi chipani cha Chikomyunizimu. Atavulala msana pantchito mu 1951 adapeza mpata woŵerenga kwambiri m'laibulale ya bungwe, ndipo nkomwe mtima wolemba udamudzera.

Mabuku opanda oŵerenga kwawo

Buku lake loyamba, Le Docker noir, lidatuluka mu 1956. Adalipereka kwa amayi ake, natchula poyera kuti iwo sankadziŵa kuŵerenga. Mfundo imeneyi idamutsata moyo wake wonse. Mu 1957 adatulutsa Ô pays, mon beau peuple, ndipo mu 1960 Les Bouts de bois de Dieu, buku lofotokoza za sitiraka ya panjanji ija. Mutu wa bukuli ndi woyenera kuulingalira, chifukwa ndi mkuluŵiko wa Chiwolofu wovekedwa mawu a Chifalansa. Mwa mwambo wa kumeneko, kuŵerenga anthu amoyo mwachindunji kumaopedwa kuti kungaitane tsoka, choncho amaŵerengedwa ngati timitengo ta Mulungu. Sembène ankaganiza m'chiyankhulo china ndi kulemba m'china. M'buku lomwelo akazi ndi amene akutembenuza zinthu, pakuti ndi iwo akuyenda ulendo wapansi kuchokera ku Thiès mpaka ku Dakar kukakumana ndi eni njanji.

Senegal italandira ufulu mu 1960, iye adabwerera kwawo nayendera maiko angapo a kuzambwe ndi a pakati pa Africa. Chimene adachiona chinali chakuti mabuku ake ankaŵerengedwa ndi Azungu ndi Aafirika ochepa ophunzira, pamene asodzi, alimi ndi onyamula katundu amene ankaŵalemba sankadziŵa n'komwe kuti alembedwa. Koma anthu omwewo ankadzaza nyumba za kanema madzulo. Motero mu 1962, ali ndi zaka pafupifupi 40, adapita ku Moscow kukaphunzira kapangidwe ka mafilimu pa situdiyo ya Gorky, pansi pa Mark Donskoy. Kanema ankamuyesa sukulu yausiku ya anthu amene adamanidwa sukulu yamasana.

Nkofunika kukumbukira kuti ntchitoyi inali yachilendo kwa Aafirika a m'maiko olamulidwa ndi France. Lamulo la Laval la 1934 linkafuna chilolezo cha boma pa filimu iliyonse yojambulidwa m'maiko atsamunda, ndipo nchifukwa chake Paulin Soumanou Vieyra ndi anzake adajambulira filimu yawo ya 1955, Afrique-sur-Seine, ku Paris. Sembène adayamba popanda mwambo wa makolo woti autsate kapena kuukana.

Mafilimu oyamba ndi mawu obwereka

Filimu yake yoyamba kuonetsedwa, Borom Sarret ya 1963, ndi ya mphindi pafupifupi 20, ndipo imatsata tsiku limodzi la mwini ngolo ya hatchi mu Dakar. Munthuyo akunyamula anthu amene ambiri sakumulipira, ndipo pomaliza apolisi akumulanda ngolo chifukwa choloŵa nayo m'dera la olemera, kumene ngolo nzoletsedwa. Mutu wa filimuyi uli ndi mbiri yakeyake. Borom ndi mawu a Chiwolofu otanthauza mwini, pamene sarret ndi charrette wa Chifalansa, amene liwu lake loyamba lidasinthidwa kukhala s popeza Chiwolofu chilibe liwu la Chifalansalo. Komabe maganizo a mwini ngoloyo amamveka m'Chifalansa, pakuti zithunzi zidajambulidwa popanda mawu, ndipo mawuwo adaikidwa pambuyo pake.

Vuto lomweli likuonekera kwambiri mu La Noire de... ya 1966, imene idalandira mphotho ya Jean Vigo ku France ndi mphotho yaikulu pa chikondwerero choyamba cha mafilimu ku Carthage. Diouana, mtsikana wa ku Dakar, akutengedwa ndi mabwana ake Achifalansa kupita ku Antibes, akuyembekeza kukalera ana ndi kuona dziko, koma akusanduka wantchito wosatuluka m'nyumba, mpaka akudzipha m'bafa. Pamaso pa mabwana ake sayankhula pafupifupi konse. Kalata yochokera kwa amayi ake ikafika, bwana ndi amene akuiŵerenga, ndipo bwana yemweyo akuyamba kulemba yankho m'dzina la mtsikanayo iye ali chete. Chithunzi chimenechi chimafotokoza za umbuli wa kalata ndi mphamvu ya mlembi kuposa mabuku ambiri. Koma filimuyo ili ndi chilema chofanana ndi chimene ikudzudzula. Mbissine Thérèse Diop ndiye akuoneka pa chithunzi, pamene maganizo a mumtima mwa Diouana akumveka m'Chifalansa chosalala cha Toto Bissainthe wa ku Haiti. Mtsikana wolandidwa mawu ndi mabwana ake adabwerekedwanso mawu ndi filimu yomuteteza. Mafilimu otsatira akusonyeza kuti Sembène sadakhutire ndi zimenezi.

Mandabi

Kusintha kudadza mu 1968 ndi Mandabi, imene imatchulidwa kaŵirikaŵiri ngati filimu yaitali yoyamba ya kuzambwe kwa Africa yoseŵeredwa m'chiyankhulo cha makolo. Ndalama zina zidachokera ku France, ndipo eni ndalamazo ankafuna filimu ya m'Chifalansa. Sembène adakonza ziŵiri, ya m'Chifalansa ndi ya m'Chiwolofu, ndipo ya m'Chiwolofu ndiyo imene idakhalitsa.

Dzina la filimuyi ndi phunziro la galamala palokha. Mandat ndi chikalata chotumizira ndalama kupositi ofesi. Chiwolofu chili ndi magulu a maina monga ziyankhulo za Chibantu, koma gulu silionekera kumayambiriro kwa dzina monga mu munthu ndi anthu kapena chinthu ndi zinthu. Limaonekera pa kamawu kolozera kotsatira dzinalo: bi, gi, ji, ki, li, mi, si ndi wi pa chinthu chimodzi, yi ndi ñi pa zambiri. Maina obwereka ambiri amagwera m'gulu la bi, monga momwe sukulu ndi sitolo zidagwera m'gulu limodzi ndi nyumba m'Chicheŵa. Choncho manda bi ndi mawu a Chifalansa amene apatsidwa malo m'nyumba ya Chiwolofu.

Nkhani yake ndi ya Ibrahima Dieng, bambo wosagwira ntchito, wa akazi aŵiri ndi ana 7, amene walandira chikalata cha mafranki 25,000 kuchokera kwa mphwake wosesa misewu ku Paris. Mwa ndalamazo, 2,000 zokha ndizo zake, koma mudzi wonse ukumuyesa wolemera ndipo ngongole zikuyamba ndalama zisanafike m'manja. Kupositi ofesi akumuuza kuti abweretse chiphaso. Chiphaso chikufuna kalata ya kubadwa, kalatayo ikufuna tsiku lenileni limene iye salidziŵa, ndipo khomo lililonse likufuna wotanthauzira, mlembi kapena kangachepe. Pamapeto pake wachibale wophunzira ndi amene akumubera ndalamazo. Kunyumba ndi kumzikiti Dieng ndi munthu wolemekezeka, wodziŵa miyambi ndi malonje. Pakauntala ya ofesi akusanduka ngati mwana. Chimene chasintha si nzeru zake koma chiyankhulo cha mapepala. Nkhani yotereyi siyachilendo m'maiko amene mabanja ankadalira ndalama zotumizidwa kuchokera ku migodi ya ku Joni, kumene mafomu a kupositi ofesi ndi kukhoti anali m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi. Filimuyi ikadakhala m'Chifalansa chokha, kusiyana kumeneku, kumene ndiko mtima wa nkhani, sikukadamveka.

Kuyambira pamenepo chiyankhulo chidakhala chida chake chachikulu. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 adathandizana ndi katswiri wa ziyankhulo Pathé Diagne kuyambitsa Kaddu, nyuzipepala ya m'Chiwolofu. Mu 1971 adatulutsa Emitaï m'Chidiola, chimene sichinali chiyankhulo chake. Filimuyo ikusimba za mudzi wa ku Casamance pa nthaŵi ya Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse, pamene asilikali a France adadza kudzalanda mpunga. Amuna akutaya nthaŵi kufunsira kwa milungu, pamene akazi abisa mpungawo ndipo akukhala padzuŵa ali duu, osaulula. Mu Xala ya 1975, munthu wamalonda El Hadji Abdou Kader Bèye amayankhula Chifalansa ngakhale kwa mwana wake Rama, amene amamuyankha m'Chiwolofu mwadala. Bamboyo atagwa pa chuma, akupempha kuti adziteteze m'Chiwolofu pamaso pa amalonda anzake, koma akumukaniza pa chifukwa chakuti chiyankhulo cha boma ndi Chifalansa. M'mafilimu ameneŵa oonerera amazindikira mbali imene munthu waima pongomva chiyankhulo chimene wasankha.

Mlandu wa chilembo chimodzi

Ceddo ya 1977 ndiyo idaonetsa poyera kuti kalembedwe ndi nkhani ya ulamuliro. Aceddo anali anthu okakamira chipembedzo cha makolo, okana kuloŵa Chisilamu mokakamizidwa. M'filimuyi iwo akugwira Dior Yacine, mwana wamkazi wa mfumu, pofuna kuonetsa kusakondwa kwawo ndi mphamvu imene imamu wapeza kubwalo. Mbali yaikulu ya filimu ndi zokamba za pabwalo, ndipo Sembène adasunga mwambo wakuti mfumu ndi anthu ake sayankhulana mwachindunji koma kudzera mwa mneneri wa pabwalo, monga zimachitikira m'mabwalo ambiri a mafumu a Chibantu. Ogonjetsedwa akumetedwa ndi kupatsidwa maina atsopano mmodzimmodzi. Pomaliza Dior Yacine ndi amene akuwombera imamuyo.

Boma la Senegal lidaletsa filimuyi. Chifukwa chimene chidaperekedwa chinali chakuti dzina lake liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Pulezidenti Léopold Sédar Senghor sanali mlendo pa nkhaniyi. Anali mlakatuli ndiponso katswiri wa galamala wophunzira ku France, ndipo boma lake mu 1971 lidavomereza ziyankhulo 6 kukhala za fuko: Chiwolofu, Chipulaar, Chiserer, Chidiola, Chimandinka ndi Chisoninke. Malamulo a kalembedwe amene adatsatira sadagwirizane ndi kuŵirikiza makonsonanti m'mawu otereŵa. Otsutsa ankanena kuti m'Chiwolofu kutalika kwa konsonanti kumasiyanitsa matanthauzo: dag ndi mtumiki wa mfumu pamene dagg ndi kudula, nëb ndi kuola pamene nëbb ndi kubisa. Kuchotsa chilembo chachiŵiri kunali kubisa kusiyana kumene khutu la Mwolofu aliyense limamva. Cheikh Anta Diop adakumana ndi chiletso chomwecho pa nyuzipepala yake ya Siggi, ndipo adasankha kuisintha dzina kukhala Taxaw kusiyana ndi kuchotsa g mmodzi. Sembène nayenso adakana. Ambiri amakhulupirira kuti chifukwa chenicheni chinali kuopa kukhumudwitsa atsogoleri a Chisilamu amene boma linkaŵadalira, koma ngakhale zitakhala tero, nzochititsa chidwi kuti boma lidapeza m'galamala chikwapu chokwanira. Filimuyo idaonetsedwa ku Senegal Senghor atachoka kale pampando, ndipo kalembedwe koŵirikiza ndi kamene kadapambana.

Ofufuza a m'chigawo chino sangadabwe ndi mlandu wotere. Ku Malaŵi dzina la Chinyanja lidasinthidwa kukhala Chicheŵa mu 1968, bungwe loyang'anira chiyankhulochi lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Pulezidenti Kamuzu Banda ankatsatira yekha za kayankhulidwe ndi kalembedwe koyenera. Ku Zambia malamulo a 1977 adasankha c pamene Malaŵi amalemba ch. Chiyankhulo chimodzi chidakhala ndi zovala ziŵiri, ndipo malire ake ndi a boma, osati a pakamwa pa anthu.

Zaka zomaliza

Patapita zaka 11 adatulutsa Camp de Thiaroye ya 1988, imene adatsogolera pamodzi ndi Thierno Faty Sow. Ikusimba za kuphedwa kwa asilikali achikuda pa 1 Disembala 1944 pa msasa wa Thiaroye pafupi ndi Dakar, atafunsa malipiro awo pobwera kunkhondo. Asilikaliwo, ochokera m'maiko osiyanasiyana, amamvana m'Chifalansa chothyokathyoka cha kumsasa, chimene akuluakulu awo ankachiyesa umboni wa uchitsiru. Sembène adachisandutsa chiyankhulo chokambirana za chilungamo. Amene akuona zoopsa zikudza ndi msilikali wosayankhula, wobwera kundende ya Ajeremani, koma palibe womumvera. Filimuyi idalandira mphotho yapadera ya oweruza ku Venice, koma ku France idatenga zaka pafupifupi 10 isanaonetsedwe m'nyumba za kanema.

Guelwaar ya 1992 ikudzudzula kudalira chakudya chopempha. Faat Kiné ya 2000 ndi mbiri ya mayi wolera yekha ana aŵiri, woyendetsa malo omwetsera mafuta a galimoto mu Dakar. Filimu yomaliza, Moolaadé ya 2004, adaijambulira m'mudzi wa ku Burkina Faso, makamaka m'Chibambara, ali ndi zaka 81. Mayi wina, Collé, akuteteza atsikana anayi othaŵa mdulidwe wa akazi pomanga chingwe pakhomo pake, chimene mwa mwambo palibe angachidumphe kufikira iye mwini atatchula mawu omasula. Amuna akumukwapula kuti atchule mawuwo, iye akukana, ndipo iwo akusonkhanitsa mawailesi a akazi ndi kuŵatentha. Filimuyi idalandira mphotho ya Un Certain Regard ku Cannes.

Sembène sanali munthu wopanda chilema. Filimu yofotokoza za moyo wake, imene Samba Gadjigo ndi Jason Silverman adatulutsa mu 2015, sidabise kuti anali waukali ndi wovuta kugwira naye ntchito, ndiponso kuti nkhani ya Thiaroye idayamba kukonzedwa ndi anzake ocheperapo msinkhu, Boubacar Boris Diop ndi Ben Diogaye Bèye, koma thandizo la ndalama lidathera kwa iye. Njira yake ya chiyankhulo inalinso ndi malire. Mabuku ake adapitiriza kuŵalemba m'Chifalansa. Filimu ya m'Chiwolofu ikafika ku Lusaka kapena ku Maputo imafuna mawu olembedwa m'munsi m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo pamenepo wosadziŵa kuŵerenga watsalanso panja. Adathetsa vutoli m'dera la chiyankhulo chimodzi, koma osati pakati pa ziyankhulo.

Dzina la utate ndi akazi otsogolera mafilimu

Sembène amatchedwa tate wa mafilimu a mu Africa. Kwa anthu otsata mtundu kuchikazi, monga Acheŵa, dzina lotere silingamveke popanda kufunsa za mayi. Nzoona kuti m'ntchito zake zonse, kuyambira kwa akazi a ku Thiès mpaka kwa Collé, akazi ndi amene amachita chinthu amuna akadakambirana. Koma kuika akazi patsogolo pa kamera nkosiyana ndi kuŵapatsa kamerayo, ndipo m'zaka zomwezo analipo akazi amene adaigwira okha.

Sarah Maldoror, wobadwira ku France mu 1929 kwa bambo wochokera ku Guadeloupe, adaphunziranso kwa Donskoy ku Moscow, ndipo nkomwe adadziŵana ndi Sembène. Filimu yake ya Sambizanga ya 1972, yotengedwa m'buku la José Luandino Vieira, ikusimba za Angola kutangotsala pang'ono kuukira kwa 1961. Maria akuyenda ndi mwana kumsana, ndende ndi ndende, kufunafuna mwamuna wake Domingos amene apolisi a atsamunda adamugwira. Idajambulidwa ku Congo-Brazzaville, ndipo m'menemo Chipwitikizi chikumveka pamodzi ndi ziyankhulo za Chibantu za m'deralo. Idalandira mphotho yaikulu ku Carthage mu 1972, mphotho yomwe ija Sembène adalandira mu 1966. Komabe filimu ina imene Maldoror adajambula mu 1970 yokhudza nkhondo ya ufulu ku Guinea-Bissau idalandidwa ndi boma la Algeria ndipo sidaonetsedwe, pamene Sambizanga idakhala yosoŵa kwa zaka zambiri mpaka idakonzedwanso mu 2021, mwini wake atamwalira kale mu 2020.

Safi Faye wa ku Senegal, wobadwa mu 1943, adajambula Kaddu Beykat mu 1975 m'mudzi wa makolo ake wa Fad'jal. Dzinalo limatanthauza mawu a mlimi, ndipo alimi enieni ndi amene akukambirana pansi pa mtengo za mavuto a ulimi wa mtedza umene boma linkaukakamiza. Imatengedwa ngati filimu yaitali yoyamba ya mkazi wa kumwera kwa Sahara kugulitsidwa m'nyumba za kanema. Nayonso idaletsedwa ku Senegal. Faye adamwalira mu 2023.

Muyeso wa Sembène, wakuti anthu a m'filimu aziyankhula ndi mawu awoawo ndipo eni nkhani azitha kumva, ukagwiritsidwa ntchito mosakondera, akazi aŵiriŵa akuima naye pamzere umodzi, ndipo Faye adafika patali kuposa iye pa kulola alimi kudziyankhulira okha. Muyeso woŵerengera mafilimu ndi mphotho umapereka yankho lina, chifukwa umayeza mwayi wopeza ndalama pamodzi ndi luso. Chikondwerero cha FESPACO cha ku Ouagadougou, chimene Sembène adathandiza kuchiyambitsa mu 1969, chimatcha mphotho yake yaikulu dzina la Yennenga, mwana wamkazi wa mfumu amene Amossi amamuyesa kholo lawo. Kuyambira 1972 mpaka 2025 palibe mkazi amene adalandira mphotho yaikuluyo.

Mathero

Sembène adamwalira pa 9 Juni 2007 ku Dakar, ali ndi zaka 84, ndipo adaikidwa ku Yoff. Adasiya mafilimu aatali 9, oseŵeredwa m'Chifalansa, m'Chiwolofu, m'Chidiola ndi m'Chibambara. Kwa ofufuza za ziyankhulo ntchito zimenezi ndi nkhokwe ya zitsanzo za kusinthasintha ziyankhulo pokambirana, za malonje, za zokamba za pabwalo la mfumu ndi za Chifalansa cha kumsasa wa asilikali. Kwa otsutsana za ukulu wa otsogolera mafilimu, moyo wake ukuwonjezera funso limene miyeso yochokera ku Paris ndi ku Hollywood idalibe, lakuti kodi mayi wa wotsogolera filimuyo, wosadziŵa kuŵerenga, angaimve filimu ya mwana wake kapena ayi. Nyumba yake ya m'mphepete mwa nyanja ku Yoff adaitcha Galle Ceddo, ndipo dzinalo adalilemba ndi d woŵirikiza.